Mbiri ya Tindege ta Ana a ku Luchenza

Masabata angapo apitawo, nditakhala pamthunzi pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Luchenza, ndidamva bambo wina wachikulire akudandaulira anzake kuti mafoni a m'manja ndiwo adapha luso la ana, popeza masiku ano sungaonenso mnyamata akuthamanga mumsewu ndi kandege kopanga yekha monga zinkachitikira kale. Ndipo onse amene adali pomwepo adavomera, ngati kuti mlandu wazengedwa ndipo wolakwa wapezeka. Ine sindidayankhe, pakuti wamng'ono satsutsa akulu pagulu, koma mumtima ndidakayika, chifukwa ndikakumbukira bwino, tindege tija tidayamba kusowa foni isanalowe m'thumba la munthu wamba. N'chifukwa chake ndati ndilondole mapazi a mwambo umenewu kuchokera kumene udayambira, kuti tione ngati amene tikumuloza chalayo ndiye mwini mlandu.

Za masiku amakedzana tinganene zochepa. Mwana wa kuno, kaya Mmang'anja kaya Mlhomwe, ankaumba ng'ombe zadongo ndi kumanga tinyumba ta mapesi, pakuti chibadwire chake mwana amaumba chimene maso ake aona. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, itafika ku Blantyre m'chaka cha 1908 kudzera pa Luchenza pano, ndipo minda ya tiyi itayamba kufunda mapiri a Thyolo ndi Mulanje, maso a ana adaona sitima ndi magalimoto, ndipo manja awo adatsatira. Pambuyo pake tindege ting'onoting'ono tidayamba kulira pamwamba pa minda, kufikira dzina la tawuni yathu lidalembedwa m'mbiri ya zouluka kudzera m'kalabu yotchedwa Luchenza Flying Club. Ndipo mwana amene sadali kuloledwa kuyandikira ndegezo ankatenga tsamba la chimanga, kulilasa ndi munga pansonga ya phesi, ndi kuthamanga nalo kuti lizungulire.

Nthawi yomweyo, kutsidya kwa nyanja, luso lomweli lidali kutenga njira ina. M'chaka cha 1936 kampani ya FROG ku England idayamba kugulitsa tindege ta pulasitiki tobwera m'tizidutswa kuti wogula alumikize yekha, ndipo m'zaka za m'ma 1950 kampani ya Airfix idafalitsa malonda amenewa, kuyambira ndi ndege yotchuka ya Spitfire. Muyeso umene udakhazikika ndi wa 1:72, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kandege ikuimira masentimita 72 pa ndege yeniyeni. Mabokosi oterewa ankafika kuno m'masutikesi a ana a azungu a m'maesiteti, ndipo mwana wa khukhi kapena wa mlonda ankangowaonera pawindo.

Chaka cha 1959 chidasintha zimene ana ankaona kumwamba. Panthawi imene boma la atsamunda lidalengeza za nyengo ya chipwirikiti pa 3 March, ndege zankhondo zochokera ku Southern Rhodesia zidatsitsa asilikali pa Chileka, ndipo pabwalo lomwelo ndi pamene Dr. Hastings Kamuzu Banda adakwezedwa ndege kupita kundende ya ku Gwelo. Ufulu utabwera mu 1964 padabadwa Air Malawi, imene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 idagula jeti ya mtundu wa BAC One-Eleven. Ndipo ngakhale asilikali athu adakhala ndi ndege za Dornier zochokera ku Germany, zonyamula anthu ndi katundu, osati majeti omenyera nkhondo, ana adadziwa maonekedwe a majetiwo kuchokera m'makalendala, m'magazini akale ndi m'kanema.

Zaka zimenezo ndizo zidali za mwanaalirenji kwa amisiri aang'ono a ku Luchenza, ndipo chifukwa chake chidali tiyi yemwe. Tiyi ankatumizidwa kunja m'mabokosi a matabwa opyapyala okutidwa m'kati ndi pepala lonyezimira ngati siliva, ndipo bokosi likathyoka, thabwa lake linkasanduka mapiko, pepala lija n'kukhala khungu la ndege. Thunthu ankalisema ku chiwale chifukwa n'chopepuka ndiponso chofewa ku mpeni, mateyala ankawadula ku patapata zakutha, zomangira zidali waya ndi mphira wa chubu ya njinga, ndipo zizindikiro ankazidula ku zitini ndi mapepala a mitundumitundu. Luso la ana a dziko lino pa waya lidamveka ngakhale kunja, kotero kuti mu 1990 mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, adalemba buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi.

Tsopano ndifike pa chimene ndidaona ndi maso anga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itathamangitsira kuno anthu amene chiwerengero chawo chidadzapitirira 1 miliyoni, ena mwa iwo atalowera pa Muloza ndi kukhala pakati pa abale awo, aphunzitsi athu pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Luchenza adabwera ndi bokosi limene mzungu wina wobwerera kwawo adawasiyira. Pamwamba pake padali chithunzi cha jeti ya MiG-21, ndipo m'kati mudali tizidutswa totuwa tolendewera ku timitengo ta pulasitiki ngati zipatso panthambi, kachubu ka guluu, tizitini tiwiri ta penti, ndi kapepala ka nyenyezi zofiira ndi manambala. Ife tidafuna kuti ndegeyo ithe tsiku lomwelo, koma iwo adati: "Ana anga, kuona maso a nkhono n'kudekha, tidzagwira Lachisanu lililonse tikaweruka, ndipo wothamanga adzangoonerera."

Choyamba adatitsukitsa tizidutswa tonse ndi sopo, kuti mafuta a ku fakitale asakanize penti. Kenaka tinkadula kachidutswa kamodzikamodzi ndi lezala, kupala m'mbali mwake ndi sandipepa, ndi kuyesa ngati kakukwana tisanapake guluu, pakuti guluu ameneyu amasungunula pulasitiki, ndipo akachuluka amasiya chidindo cha chala chimene sichifufutika, akakhudzanso kagalasi ka pamwamba pa woyendetsa amakachititsa khungu. Mpando wa woyendetsa tidaupenta mbali ziwiri za thunthu zisanatsekedwe, kumphuno tidaikako timitu ta misomali kuti ndege isakhalire mchira, ndipo tidamanga zonse ndi timphira kufikira zitagwirana. Popenta, aphunzitsi ankasungunula penti kuti ikhale yamadzimadzi, n'kutiuza kuti kupaka mopyapyala katatu kumaposa kupaka mochindikala kamodzi. Ndipo popeza idali nyengo ya chiperoni, penti inkachedwa kuuma, choncho tinkavundikira ndegeyo ndi beseni kuopa fumbi, ndi kudikira sabata yathunthu mitima ili dyokodyoko.

Pa gulu lathu padali mnyamata wochokera kutsidya kwa malire, wa manja aluso kuposa tonse, amene adakana kukhudza ndegeyo kuyambira tsiku loyamba. Koma tsiku lopenta kumimba kwake, ife tikukangana za mtundu woyenera, iye adalankhula motsitsa mawu kuti: "Aphunzitsi, ine kumimba kwa ndege zankhondo ndimakudziwa, chifukwa ndiko timaona tikagona pansi." M'kalasi mudangoti zii. Aphunzitsi adaika burashi pansi, natiuza kuti chimene tikuphunzira ndi muyeso, kudekha ndi nzeru ya mapiko, osati kukonda nkhondo, pakuti nzeru imodzimodziyo ikhoza kunyamula bomba kapena mankhwala, malinga ndi mtima wa woigwiritsa ntchito. Kuyambira tsikulo mnyamata uja adayamba kugwira nafe.

Ndipo ndi iye amene adatipulumutsa pa tsiku la zizindikiro. Zizindikiro zimenezi amazidula chimodzichimodzi, kuziviika kanthawi kochepa m'madzi ofunda, ndipo zikalekana ndi pepala amazitsetseretsa ndi burashi kufikira pamalo pake, ndi kupsinja ndi kansalu kuti madzi ndi mpweya zichoke, chifukwa mpweya ukatsalira pansi pake chizindikiro chimaoneka chotuwa m'mbali. Zathu zidali zokalamba, ndipo nyenyezi ina idang'ambika patatu ili m'madzi. Koma mnyamata uja, ndi nsonga ya singano, adabweza chidutswa chilichonse m'malo mwake kufikira chilema chidabisika. Ndegeyo itatha, yotalika pafupifupi masentimita 20, aphunzitsi adatiyezetsa ndi rula ndi kuchulukitsa ndi 72, ndipo tidakayeza kutalika kwa ndege yeniyeni pabwalo la mpira; masamu amene adatikanika chaka chonse tidawamva tsiku limenelo. Pomatha teremu aliyense adali atasema yake ya chiwale motsata muyeso womwewo, ndipo ambiri m'malo mwa nyenyezi tidajambula dzuwa lotuluka la pa mbendera yathu.

Nanga chidalakwika n'chiyani? Mtendere wa Mozambique udasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo anzathu adabwerera kwawo. Mu 1994 maphunziro a pulayimale adakhala aulere, ndipo ana a sukulu adakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Chimenechi chidali chinthu chabwino chimene sindingachinyoze, koma walira mvula walira matope, pakuti mphunzitsi amene ali ndi khamu la ana pansi pa mtengo sangakhale ndi Lachisanu la lezala ndi guluu. Ntchito zamanja zidasanduka chinthu chochita nthawi ikatsala, ndipo nthawi sinkatsala, popeza maso a makolo ndi aphunzitsi adali pa mayeso a Sitandade 8. Tiyi adayamba kupakiridwa m'matumba a mapepala, mabokosi aja nazimirira. Waya ndi zitini zidapeza msika kwa ogula zitsulo zakutha. Misika idadzaza ndi zidole za pulasitiki zotchipa zimene mwana amangolandira zothaitha, kusewera nazo masiku awiri ndi kuzitaya. Koposa zonse, ife akulu tidayamba kutcha ntchito imeneyi zibwana, ndi kukalipira mwana wosema chiwale kuti akutaya nthawi, ndipo potero tidafanana ndi kapolo uja wa m'fanizo la m'Baibulo amene adakwirira pansi chuma chimene adapatsidwa kuti apindule nacho. Zonsezi zidachitika mafoni asanafale m'midzi m'zaka za m'ma 2000.

Umboni wakuti luso silidafe uli poyera. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, adamanga makina a magetsi oyendera mphepo ndi zitsulo zotola kudzala, ndipo mbiri yake idatuluka m'buku mu 2009 ndi m'kanema mu 2019. Mu 2017 boma pamodzi ndi UNICEF adatsegula ku Kasungu malo oyeserapo ndege zopanda woyendetsa m'kati, zonyamula mankhwala ndi kujambula malo a ngozi, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa African Drone and Data Academy, kumene achinyamata amaphunzira kupanga ndi kuulutsa ndege zoterezi. Zimene amafunikira kumeneko ndi zomwe zija za pansi pa beseni lathu: kuyeza kawiri usanadule, kulinganiza kulemera kwa kumphuno ndi kumchira, ndi kudikira guluu aume.

Choncho kwa bambo aja a pa siteshoni, amene sindidawayankhe tsiku lija, ndikupereka mawu awa mwaulemu wonse: foni idapeza malo ali osesa kale, ndipo osesawo tidali ife. M'mera m'poyamba, chiwale chikadalipo m'madambo, lezala ndi wa mtengo wochepa, ndipo manja amene adasema tindege ta siliva akadali ndi moyo m'makomo a ku Luchenza, ngakhale kuti tsopano agwira ndodo. Agogo, itanani mdzukulu wanu Loweruka likudzali, muyale mphasa pakhonde, ndipo mumuonetse m'mene phiko limasemedwera.