Kutsina Khutu ndi Mphamvu ya Apolisi ku America

Munthu akatsina khutu apolisi kuti uje wanyamula mfuti, kodi iwo ali ndi mphamvu yomuimitsa panjira ndi kumupapasa m'matumba? Funso limeneli lasautsa oweruza a ku America zaka zambiri.

Nkhaniyi inayamba dzikolo lisanadzilamulire. Masiku amenewo okhometsa msonkho a Mfumu ya ku England anali kuyenda ndi makalata owalola kulowa m'nyumba iliyonse kukafuna katundu wozembetsa. M'chaka cha 1761 loya wina, James Otis, anatsutsa makalatawo m'bwalo la milandu ku Boston. Mlandu sunamukomere, koma mawu ake sanaiwalike. Tsono m'chaka cha 1791 anthu a ku America anaika m'malamulo aakulu a dziko lawo mfundo yoletsa boma kuchita chipikisheni pa munthu, m'nyumba mwake kapena m'katundu wake popanda chifukwa chomveka.

Nanga chifukwa chomveka ndi chotani? M'chaka cha 1968 Bwalo Lalikulu linaweruza mlandu wa Terry. Wapolisi wa ku Cleveland anaona amuna awiri alikupita ndi kubwerera pakhomo pa sitolo, nasuzumira pazenera kawirikawiri. Anawaimitsa pamodzi ndi mnzawo, nawapapasa, napeza mfuti. Bwalo linati anachita bwino, pakuti anatha kutchula zimene anaona ndi maso ake, ndipo anali ndi chifukwa choopera kuti amunawo ali ndi zida.

Koma wapolisi saona zonse yekha. Zambiri amachita kumva. M'chaka cha 1972, pa mlandu wa Adams ndi Williams, Bwalo linalola wapolisi kutsata mawu a munthu amene iye amdziwa. Wotereyu akanama, boma lidziwa komupeza.

Chovuta ndicho munthu wobisa dzina. Ku Montgomery, m'chigawo cha Alabama, wina anaimbira lamya apolisi nati mayi wakutiwakuti adzatuluka m'nyumba nthawi yakuti, adzakwera galimoto yosweka nyali yakumbuyo, nadzapita ku hotela yakuti ndi mankhwala ozunguza bongo. Apolisi anadikira, ndipo zambiri zinachitika monga momwe ananenera. M'chaka cha 1990 Bwalo linavomereza kuimitsako, pakuti wodziwa ulendo wa mnzake usanachitike ayenera kukhala wodziwanso zam'kati mwake.

Zinasiyana ndi zimene zinaoneka ku Miami. Kumeneko wobisa dzina anati mnyamata wovala malaya amandalasi, woima pokwerera basi, ali ndi mfuti. Apolisi anapita, namupapasa, naipezadi mfutiyo. Mnyamatayo anali wa zaka 15. Komabe m'chaka cha 2000 oweruza onse asanu ndi anayi anagwirizana kuti apolisi analakwa. Mtundu wa malaya aliyense wodutsa angathe kuuona; sutsimikiza kuti woimba lamya adziwa zobisika. Ndiponso kupezeka kwa mfuti sikulungamitsa chipikisheni, pakuti bwalo liyesa zimene apolisi anadziwa asanagwire munthu. Kukanakhala kuti Bwalo linalola, aliyense wa kaduka akanatha kuchititsa manyazi mdani wake ndi lamya imodzi yokha.

M'chaka cha 2014 kunabwera mlandu wa Navarette, wa ku California. Mayi wina anaimba nambala ya ngozi, 911, nati galimoto ina yamukankhira kunja kwa msewu, natchula nambala yake. Apolisi ataiimitsa anamva fungo la chamba, napeza mapaundi 30. Oweruza asanu anavomereza, ponena kuti mayiyo anaona yekha, anaimba msanga, ndipo lamya ya ngozi itha kulondoledwa. Anayi anakana, poopa kuti ufulu wa oyenda pamsewu wachepa.

Tikaika milandu imeneyi pamodzi, tiona kuti oweruza afunsa mafunso atatu. Wanena ndani? Wazidziwa bwanji? Nanga apolisi atsimikiza chiyani asanatambasule dzanja? Wapolisi akanyozera mawu oona, mfuti ingaphe munthu. Akakhulupirira mphekesera iliyonse, wosalakwa adzavutitsidwa pamaso pa anthu. Nchifukwa chake mabwalo ayesa mlandu uliwonse pawokha, ndipo kawirikawiri umboni wopezeka mwa chipikisheni chosaloleka saulandira.