Mlandu wa apolisi a ku Capitol ndi a Donald Trump

Pa 6 Januwale 2021, khamu la otsatira a Donald Trump linathyola nyumba ya malamulo ya Capitol ku Washington, m'dziko la America, aphungu ali mkati motsimikiza kuti a Joe Biden apambana chisankho cha 2020. Apolisi pafupifupi 140 anavulala.

Pa 30 Malichi 2021, apolisi awiri, a James Blassingame ndi a Sidney Hemby, anasumira a Trump pofuna chipukutamisozi. Iwo anati mawu a mtsogoleriyu, oti chisankho chinaberedwa, ndiwo anakolezera ziwawazo. Mu Ogasiti chaka chomwecho, apolisi ena 7 anakasumanso.

Maloya a a Trump anati pulezidenti sangazengedwe mlandu wotere pa zomwe analankhula ali pampando. Woweruza Amit Mehta anakana mfundoyi mu Febuluwale 2022. Pa 1 Disembala 2023, bwalo la apilo linagamula kuti udindo suteteza pulezidenti pamene akulankhula monga wopikisana nawo pachisankho. Chigamulochi chinangotsegula njira yoti mlandu upitirire, sichinawapeze olakwa.

Ku Malawi nkhani yotere inayenda mosiyana. Ziwawa zitabuka chisankho cha 2019 chitatha, wapolisi anaphedwa ku Msundwe mu Okutobala. Koma amene anakadandaula kukhoti anali amayi ndi atsikana 18 omwe apolisi anawachita nkhanza m'deralo, ndipo mu Ogasiti 2020 bwalo lalikulu linalamula kuti alandire chipukutamisozi.