Ufa subzalidwa: mbiri ya mwambo wodzimangira nkhokwe za deta

M'zaka za m'ma 1970, aliyense wofuna pulogalamu ya Ingres ankaitanitsa ku University of California, mumzinda wa Berkeley, n'kulipira kandalama kochepa, ndipo ankalandira tepi ya maginito. Pa tepipo panali source code, kutanthauza malemba enieni amene akatswiri analemba m'chinenero cha makompyuta cha C, oti munthu n'kuwawerenga ndiponso kuwasintha. Ntchito yosandutsa malembawo kuti akhale pulogalamu yomveka kwa makina, imene timati kumanga, inkatsalira wolandirayo. Ingres inali nkhokwe ya deta imene Michael Stonebraker ndi Eugene Wong anayambitsa potsata maganizo amene Edgar Codd wa ku IBM anafalitsa mu 1970, akuti deta izisungidwa m'matebulo olumikizana. Kumeneko n'kumene mwambo wodzimangira seva ya nkhokwe unazikika mizu. Lero anthu ambiri amauona ngati chizolowezi cha nkhalamba zokonda kudzivutitsa, koma mbiri ikusonyeza kuti mwambowu ndi umene unapulumutsa nkhokwe ziwiri zotchuka pa nthawi imene eni ake anazisiya kapena kuzigulitsa.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyerekeze ndi chimanga. Source code ndi chimanga, pulogalamu yotchedwa compiler ndi chigayo, ndipo chotuluka, chimene makina amayendetsa, ndi ufa. Wogula ufa amadya nsima msanga, koma ufa subzalidwa, ndipo ukagayidwa molakwika sungaubwezere ku chitsononkho. Akatswiri akale sankapita okha kuchigayo chifukwa chokonda ufulu ayi. Ufa wogayiratu sukanakwanira aliyense. Makampani monga DEC, Sun, Hewlett-Packard ndi IBM ankapanga makina osiyana m'kati, aliyense ndi mtundu wakewake wa Unix, moti pulogalamu yomangidwira makina a uyu sinkayenda pa makina a uyo. Zida za ntchitoyi zinabadwa chifukwa cha vuto lomweli. Mu 1976 Stuart Feldman wa ku Bell Labs analemba make, imene imadziwa fayilo yoyenera kuyamba kumangidwa ndi yoyenera kudikira. Mu 1991 David MacKenzie anayamba Autoconf, imene imatulutsa kapulogalamu kofufuza kaye zimene makina ali nazo kumanga kusanayambe. Malamulo atatu amene woyang'anira seva aliyense wa nthawi imeneyo ankawadziwa pamtima, configure, make ndi make install, anachokera ku zida zimenezi.

Umboni woyamba ndi wa POSTGRES, imene Stonebraker anayambitsa ku Berkeley mu 1986 kuti ilowe m'malo mwa Ingres. Yunivesite inatseka ntchitoyi mu 1994 itatulutsa mtundu wa 4.2, ndipo Stonebraker anatengera nzeruzo ku kampani ya Illustra. Illustra inagulidwa ndi Informix, nayonso bizinesi ya nkhokwe ya Informix inagulidwa ndi IBM mu 2001. Nthambi yamalondayo inamezedwa kawiri konse. Koma malemba aja anali atafalikira kale ndi chilolezo chosaletsa aliyense kuwasintha. Ophunzira awiri, Andrew Yu ndi Jolly Chen, anachotsamo chinenero chakale cha POSTQUEL n'kuikamo SQL, ndipo anatulutsa Postgres95. Mu 1996 anthu akunja kwa yunivesite, monga Marc Fournier wa ku Canada, Bruce Momjian wa ku America ndi Vadim Mikheev wa ku Russia, anaitola ntchitoyo n'kuipatsa dzina la PostgreSQL. Chimene chinawayenereza n'chakuti ankatha kutenga malembawo, kuwamanga pa makina awo, kuona pamene yaphwanyikira, kukonza, n'kumanganso. Akanakhala kuti analandira ufa wokhawokha, POSTGRES ikanafera limodzi ndi makina amene inamangidwira.

Umboni wachiwiri ndi wa MySQL, imene Michael Widenius, David Axmark ndi Allan Larsson anakhazikitsira kampani ku Sweden mu 1995, ndipo mu 2000 anaiika pansi pa chilolezo cha GPL. Mu 2008 Sun Microsystems inagula kampaniyo pa mtengo wa madola pafupifupi 1 biliyoni, ndipo mu 2009 Oracle, imene imagulitsa nkhokwe yakeyake yodula, inalengeza kuti ikugula Sun. Apa mbuzi inali italowa m'khola la fisi, kapena tinene kuti ambiri anaona choncho. Chaka chomwecho Widenius anatenga malemba a MySQL n'kuyamba MariaDB, yotengera dzina la mwana wake wamkazi wina, monga mmene MySQL inatengera dzina la mwana wake My. Chilungamo chake n'chakuti Oracle sinaiphe MySQL. Ikuitukulabe mpaka pano. Komabe Wikipedia itasamukira ku MariaDB mu 2013, ndipo Debian, mtundu wina wa Linux, itachita chimodzimodzi mu 2017, zinaoneka poyera kuti madola 1 biliyoni aja anagula dzina ndi antchito, koma sanagule mphamvu yoletsa ena kubzala mbewu yomweyo m'munda mwawo.

Wina anganene kuti chimene chinapulumutsa nkhokwezi ndi chilolezo, osati luso lomanga. N'zoona kuti popanda chilolezo akanatengeredwa kukhoti. Koma chilolezo ndi pepala chabe, ndipo malemba amene palibe akuwamanga amafumbwa ngati chimanga choiwalika m'nkhokwe: compiler imasintha, malaibulale amene pulogalamu imadalira amasintha, ndipo pakapita zaka zingapo kumanga kumakanika. A PostgreSQL anazindikira zimenezi, n'chifukwa chake mu 2004 Andrew Dunstan anayambitsa buildfarm, gulu la makina a anthu ongodzipereka m'mayiko osiyanasiyana, amene amamanga ndi kuyesa malembawo pakangosinthidwa kanthu. Ntchito imene kale munthu ankaichita kamodzi poika seva inasanduka ulonda wa usana ndi usiku.

Chotsutsa chachiwiri n'champhamvu kuposa choyambacho. Kuyambira pamene Debian ndi Red Hat anayamba kugawa mapulogalamu omangiratu m'zaka za m'ma 1990, woyang'anira seva wanzeru amangolemba lamulo limodzi, nkhokwe n'kulowa pasanathe mphindi zochepa, ndipo zigamba zotseka mipata ya akuba zimamupeza zokha. Wodzimangira ayenera kumakumbukira yekha kumanganso, ndipo ambiri amaiwala. Kuchokera mu 2009, pamene Amazon inayamba kubwereketsa MySQL yoyenderatu pa makina ake, ena sayikanso n'komwe kalikonse. Zonsezi n'zoona, ndipo munthu wodzimangira nkhokwe ya banki kapena ya chipatala popanda chifukwa chenicheni akungodziputira mavuto. Koma mapulogalamu omangiratuwo sagwa kumwamba. Alipo amene amawamanga, ndipo amatero ndi malamulo omwe aja. Mwambowu sunafe, unangosamukira m'manja mwa anthu ochepa. Ndipo zina zimasankhidwabe pomanga pokha, monga kukula kwa tsamba limodzi la deta mu PostgreSQL, kumene mwachizolowezi ndi makilobaiti 8.

Palinso onena kuti kudzimangira kumateteza ku chinyengo, ndipo awa akulonjeza zopitirira. Ken Thompson anasonyeza kale mu 1984 kuti compiler yoipitsidwa ingalowetse msampha m'pulogalamu ngakhale malemba ake ali oyera. Pa 29 Malichi 2024, Andres Freund, mmodzi mwa olemba PostgreSQL, anaulula msampha umene unabisidwa mu xz, kapulogalamu kopanikiza mafayilo kamene kamapezeka pafupifupi pa Linux iliyonse. Anautulukira atadabwa kuti kulowa m'makina kudzera pa ssh kukuchedwa ndi theka la sekondi. Msamphawo unkatcheredwa pa nthawi yomanga yeniyeniyo, ndipo kiyi wake anali m'phukusi logawidwa, osati m'malemba amene anthu ankaona pa Git, pamene olemba amasunga malemba awo. Choncho kumanga pakokha si mankhwala. Koma taonani amene anaugwira: munthu wozolowera kusanthula zimene zimachitika pakati pa chimanga ndi ufa. Ndipo kuyambira mtundu wa 17, umene unatuluka mu Seputembala 2024, phukusi la malemba a PostgreSQL limangotengedwa mwachindunji ku Git popanda mafayilo opangiratu, moti wofuna kumanga ayenera kukhala ndi zida za Bison, Flex ndi Perl pa makina ake.

Nkhaniyi si ya ku California kokha. DHIS2, pulogalamu imene maunduna a zaumoyo ku Malawi ndi ku Zambia amasonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, imasunga deta yake mu PostgreSQL. Palibe akunena kuti seva zimenezo zizimangidwa pamanja. Koma inu aphunzitsi a zamakompyuta m'makoleji athu, musalole wophunzira kulandira digiri asanatsitsepo malemba a PostgreSQL, kuyendetsa configure, kuwerenga chimene yadandaula, ndi kuiona nkhokweyo ikudzuka pa makina ake.