Gombe la Chembe ndi Alendo Ake Atatu

Malo amene mapu amawatchula kuti Cape Maclear, eni ake amati kwa Chembe. Dzina lachizungulo analipereka David Livingstone polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa zanyenyezi wa ku Cape Town. Maina awiriwa akuonetseratu kuti gombeli lakhala likuonedwa ndi maso awiri: kwa mlendo ndi malo opumulirako, koma kwa msodzi nyanja ndiwo munda wake.

Alendo oyamba anali amishoni a ku Scotland amene anafika mu Okotobala 1875 pa sitima ya Ilala, motsogozedwa ndi E. D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws. Chinawakopa chinali doko lobisika ku mphepo ya mwera. Koma doko labwino kwa sitima silinali labwino kwa anthu. Malungo anawatha, ndipo mu 1881 anasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Bandawe, nasiya manda a anzawo m'tsinde mwa phiri.

Alendo achiwiri anatsika kuchokera kumwamba. Mu 1949 kampani ya BOAC inayamba kuteretsa pamenepa ndege zake zotera pamadzi, zimene zinkayenda pakati pa Southampton ndi South Africa, ndipo panali hotela yolandirira apaulendo. Kampaniyo inaleka kuyendetsa ndege zamtunduwu mu 1950, ndipo hotelayo, posowa oigonamo, siinakhalitse. Chitukuko chimene chinamangidwa poyembekezera mlendo yekha chinatha pamene mlendoyo anasintha njira.

Mlendo wachitatu anali boma. Mu 1980 linakhazikitsa Lake Malawi National Park pofuna kuteteza nsomba za mbuna, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Midzi monga wa Chembe siinasamutsidwe, koma asodzi analetsedwa kuponya makoka pamtunda wa mamita 100 kuchokera kugombe la pakiyo ndi la zilumba zake. M'zaka zotsatira, nyumba zogona alendo zinandandalikana pamchenga womwewo pamene amuna amakocheza mabwato ndi kusoka maukonde, pamene amayi amachapa ndi kuyanika usipa pamathandala. Achinyamata ena anapeza ntchito yoperekeza alendo kuzilumba, koma malo okochezapo anapanikizika.

Mbiriyi ili ndi phunziro kwa aliyense wolingalira zomanga doko la mabwato a alendo kapena malo achisangalalo ku Monkey Bay, Senga Bay kapena Nkhata Bay. Amishoni anakhala zaka 6, ndege zinatera kwa chaka chimodzi chokha, koma asodzi a kwa Chembe akalipo. Funso loyenera kuyankhidwa mwala woyamba usanaikidwe ndi lakuti, mpanda ukamangidwa, bwato la msodzi lidzakocheza pati?