Mbiri ya Utoto wa Nsalu Zathu

Tikapita pa msika ku Tete, ku Ulónguè kapena ku Lichinga, timaona nsalu za kapulana zitapacikidwa pa zingwe. Zina ndi zofiira, zina zacikasu, zina zabuluu. Timasankha, timagula, timabvala. Koma kodi tinayamba tafunsa kuti utoto wa nsaluzi unacokera kuti? Nanga makolo athu ankacita bwanji kuti cobvala cao cikhale ndi mtundu? Tiyeni tiwerenge mbiri imeneyi.

Nyanda ndi matope

Kale makolo athu ambiri ankabvala nyanda, imene ena amati ciwondo. Ankasenda khungwa la mombo, nalibviika m'madzi, nalisasantha pa cipika mpaka litafewa ndi kutambasuka. Nyanda yatsopano inkakhala yofiirira. Akafuna kuti ide, ankaikwirira m'matope akuda a kudambo, kenaka nkuicapa ndi kuiyanika.

Cifukwa ciani matope amadetsa nyanda? M'khungwa la mitengo yambiri muli mankhwala ochedwa tanini. M'matope akuda a kudambo muli citsulo. Ziwirizi zikakumana zimabala mtundu wakuda umene sucoka msanga. Ndi cifukwa comweco mpeni umada tikamasenda nthoci yaiwisi. Makolo athu sanawerenge zimenezi m'buku. Anaziona ndi maso, anayesa, naphunzitsa ana ao.

Ankadziwanso mitengo ya utoto wofiira. Mlombwa ukatemedwa umatulutsa madzi onga magazi. Madzi amenewa akagwera pa nsalu sacoka, ngakhale ticape kangati.

Macira

Makolo athu sanabvale nyanda yokha ai. M'cigwa ca Zambeze ndi ca Shire ankalima thonje, kulipota, ndi kuomba nsalu yolimba yochedwa macira. Aputukizi atafika m'zaka za m'ma 1500 anapeza nchito imeneyi iripo kale. Iwo omwe ankagula macira kwa Amaravi, nkupita nao kum'mwera kwa Zambeze kukasinthanitsa ndi golide. David Livingstone atayenda m'cigwa ca Shire mu 1859 anaona anthu akupota ndi kuomba m'midzi yambiri. Anamva maina awiri a thonje: thonje kaja, la kwathu konkuno, ndi thonje manga, locokera kunja.

Koma macira ambiri anali oyera. Thonje ndi louma mutu, silimwa utoto msanga. Ukalinyika m'madzi a masamba limaoneka ngati lagwira, koma ukacapa kawiri mtundu uja wathawa. Apa ndi pamene panali bvuto.

Mputukizi wina, Duarte Barbosa, analemba ca m'ma 1516 za anthu a ku Sofala, m'mbali mwa nyanja yaikuru. Anati anthuwo ankaomba nsalu zoyera zambiri. Pofuna kuzikongoletsa, ankagula nsalu zabuluu ndi zamitundu ina zocokera ku Cambay, m'dziko la India. Nsaluzo ankazimasula ulusi umodzi umodzi, nkuomba ulusiwo pamodzi ndi ulusi wao woyera. Tiganize nchito yake! Kumasula nsalu yathunthu cifukwa cofuna ulusi wa mtundu. Izi zitisonyeza kuti utoto unali cinthu ca mtengo wapatali.

Buluu wa ku India

Mtundu wabuluu unkacokera ku masamba a kamtengo kochedwa indigo, kamene Aputukizi amati anil. Onyika nsalu a ku India ankabviika masambawo m'madzi mpaka atasasa, nkucotsamo utoto. Nsalu ikatuluka mumtsuko wa utotowo imaoneka yobiriwira. Ikakhudzidwa ndi mpweya imasanduka yabuluu munthu akuona. Akainyika kambiri imada ndithu. Nsalu ya kaniki, imene agogo athu ankaikonda, inali ya mtundu umenewu.

Kwa zaka mazana ambiri nsalu za ku India zinkalowa m'dziko lathu kudzera pa cisumbu ca Moçambique, pa Quelimane, pa Sena ndi pa Tete mpaka ku Zumbo. Zinkasinthanitsidwa ndi minyanga ya njobvu, golide, ndiponso anthu. Abale athu ambiri anagulitsidwa ukapolo cifukwa ca mikwamba ya nsalu. Cikhalireco, kamtengo ka indigo kankamera kokha kwathu kuno. Livingstone, amene anafika ku Tete mu 1856 nabweranso mu 1858, analemba kuti indigo inkamera ngati udzu m'tauni ya Tete.

Utoto wa m'fakitale

M'caka comweco ca 1856, ku London, mnyamata wa zaka 18 dzina lake William Perkin anatulukira utoto woyamba wopangidwa ndi phula la malasha. Mu 1897 kampani ya BASF ya ku Germany inayamba kugulitsa indigo ya m'fakitale. Utoto unachipa. Nsalu za makina zinacuruka, zoyera monga merikani ndi zamaluwa zomwe. Munthu wopota ndi manja sakanatha kupikisana ndi makina. Nkhondo zogwira akapolo ndi njala zinabalalitsanso midzi ya oomba nsalu. Pang'ono ndi pang'ono macira anasowa.

Thonje lokakamiza

Thonje silinacoke m'minda yathu, koma linasanduka goli. Kuyambira 1938 mpaka 1961 boma la atsamunda linkakakamiza alimi a m'madera ambiri a Moçambique kulima thonje. Mlimi ankapatsidwa mbeu ndi kupimiridwa munda. Thonje lonse ankayenera kuligulitsa kwa kampani imodzi, pa mtengo wocepa woikidwa ndi boma. Wolephera ankamenyedwa ndi mbalamatodya kapena kutengedwa ku cibalo. Minda ya cakudya inkasowa woisamala, ndipo njala inkalowa m'nyumba.

Thonje lambiri linkapita ku mafakitale a ku Portugal. Kumeneko linkapotedwa, kuombedwa ndi kunyikidwa mu utoto. Kenaka linkabwerera kwa ife ngati nsalu ya m'sitolo, pa mtengo wokwera. Amai amene analima thonje ndi thukuta lao kawirikawiri analibe nsalu yosinthira. Pofika tsiku la ufulu wathu, pa 25 Juni 1975, anthu odziwa kupota, kuomba ndi kunyika nsalu m'njira ya makolo anali atatsala ocepa.

Kunyika nsalu pakhomo

Luso lonyika silinafe lonse. Amai ambiri amagula utoto wa ufa pa msika. Amanyika malaya osuluka kuti aoneke atsopano, kapena nsalu yakuda yobvala pa maliro. Njira yake ndi iyi. Ticape nsalu poyamba, cifukwa nsalu ya litsiro kapena ya mafuta simwa utoto mofanana. Titenthetse madzi ambiri m'citini cacikuru, tisungunule utoto, tithiremo mcere. Tiike nsalu iri yonyowa, tizibvundula ndi mtengo kosalekeza kuti isacite mawangamawanga. Pomaliza tiitsukuluze mpaka madzi atayera, tiiyanike pamthunzi. Citini ca utoto tisaphikiremo cakudya, ndipo ana asaseweretse madzi ake.

Wopanda ndalama ya utoto angayese za makolo. Tiwiritse makungwa a mtengo, tibviike nsalu yathonje m'madzi ake, tiiyanike, kenaka tiikwirire m'matope akuda. Tikabwereza katatu kapena kanai mtundu umakhwima. Posenda khungwa tisazungulize thunthu lonse, cifukwa mtengo ungaume.

M'midzi yathu mukadali okalamba amene anaona nyanda ndi maso ao. Amadziwa mtengo wopatsa utoto wofiira, ndiponso dambo la matope abwino. Nzeru zimenezi sizinalembedwe, ziri m'mitu mwao mokha. Nkhalamba ikamwalira osafunsidwa, imapita nazo kumanda. Ife tsopano tikuphunzira kugwira pensulo. Tipite kwa agogo, tikhale pansi, tiwafunse maina a mitengo ndi njira zake, tizilembe m'makope mwathu. Ana athu adzawerenga zimene ife talemba.

Tikambirane

1. Cifukwa ciani nyanda imada ikakwiriridwa m'matope a kudambo?
2. Anthu a ku Sofala ankapeza bwanji ulusi wa mtundu?
3. Thonje lokakamiza linabweretsa mabvuto otani m'mabanja?
4. Lembani maina atatu a mitengo ya utoto imene imamera kwanu.