Mphesa za ku Languedoc ndi Kuukira kwa Alimi mu 1907

Kummwera kwa dziko la France, m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kuli chigawo chotchedwa Languedoc. Kumeneko nyengo yotentha imakhala yaitali ndi youma, mvula yambiri imagwa masamba akayamba kuyoyoka, ndipo mphepo ya tramontane imaomba mwamphamvu nkuumitsa masamba a mpesa kotero kuti chiwawu sichifala msanga. Nthaka ya m'mapiri ndi yamiyala, yoti mbewu zina sizingachitemo bwino, koma mpesa umazika mizu pansi kwambiri kufunafuna chinyezi.

Aroma atamanga mzinda wa Narbonne m'chaka cha 118 Yesu asanabadwe, ulimi wa mphesa unakhazikika. Komabe kwa zaka mazana ambiri vuto linali mayendedwe. Ngalande ya Canal du Midi, imene inatsegulidwa mu 1681, inathandizako, koma njanji ya m'zaka za m'ma 1850 ndiyo inasintha zonse. Vinyo tsopano ankafika kumpoto kwa antchito a m'migodi ndi m'mafakitale, ndipo alimi anadzaza zigwa ndi mpesa wa mtundu wa Aramon, wobereka kwambiri koma wa vinyo wosukuluka.

Kenaka kunabwera kachilombo ka phylloxera kochokera ku America, kamene kamayamwa mizu mpaka mpesa kuuma. Jules-Émile Planchon wa ku Montpellier anakazindikira mu 1868, ndipo mankhwala ake anapezeka kwawo kwa nthendayo: alimi anayamba kumezanitsa nthambi za mpesa wawo pa mizu ya mpesa wa ku America. Minda inauka, koma pofika 1900 vinyo anachuluka kuposa omwa. Wina ankachokera ku Algeria, winanso ankakonzedwa mwachinyengo ndi shuga ndi madzi. Mitengo inagwa, mabanja nkulowa m'ngongole.

Pa 11 Malichi 1907, Marcelin Albert wa m'mudzi wa Argeliers anatsogolera anthu 87 kupita ku Narbonne kukadandaula. Lamulungu lililonse khamu linkakulirakulira, ndipo pa 9 Juni anthu oposa 500,000 anasonkhana ku Montpellier. Mameya ambiri anatula pansi maudindo. Nduna yaikulu Georges Clemenceau inatumiza asilikali, amene anapha anthu angapo ku Narbonne. Koma asilikali ena, ana a m'chigawo chomwecho, anagalukira akuluakulu awo nkupita ku Béziers, kumene anthu anawalandira ngati abale.

Mathero a Albert ndi omvetsa chisoni. Atakaonana ndi Clemenceau ku Paris, analandira kwa iye ndalama zokwana mafulanki 100 zokwerera sitima pobwerera. Nkhaniyo itamveka, anthu amene dzulo lake ankamunyamula pamapewa anamuyesa wogulidwa. M'kuona kwanga, mkuluyu sanagulitse anzake. Anangochenjereredwa ndi katswiri wa ndale. Anamwalira ali wosauka mu 1921, ngakhale kuti lamulo la pa 29 Juni 1907 loletsa kusukulutsa vinyo linali chipatso cha ulendo umene iye anauyamba.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, minda yambiri ya m'zigwa inazulidwa, ndipo alimi anatembenukira ku mitundu monga Syrah, Grenache ndi Mourvèdre. Vinyo wa ku Corbières, Minervois ndi Pic Saint-Loup, wochokera m'mapiri amiyala aja, lero amagulitsidwa ndi dzina la dera lake.