Gitala ya Besi m'Kwaya ya Tchalitchi: Kasankhidwe ndi Kaimbidwe Kake

Gitala ya besi ndi chida cha nsambo chimene chimatulutsa mawu akuluakulu apansi, ofanana ndi a amuna oimba besi m'kwaya. Payokha siimveka patali, choncho imalumikizidwa ndi chingwe ku amplifaya ndi sipika. Kawirikawiri imakhala ndi nsambo zinayi zotchedwa E, A, D ndi G, ndipo ilipo ina ya nsambo zisanu imene yachisanuyo, B, imatsika kuposa zonse. Ntchito yake m'tchalitchi ndiyo kuchirikiza nyimbo kuchokera pansi, kuti mpingo wonse uimbe pamodzi osathamanga kapena kutsalira.

Paul Tutmarc wa ku Seattle ku America adapanga besi yamagetsi m'zaka za m'ma 1930, koma siidafale. Imene idafala ndi Precision Bass, yomwe Leo Fender adatulutsa ku California mu 1951. Dzinalo likunena za kulondola kwa mawu, popeza pakhosi pake adaikapo tizitsulo topingasa totchedwa mafureti, timene besi yaikulu yoimiritsa pansi ilibe. Mu 1960 kampani yomweyo idatulutsa Jazz Bass, ya khosi lowonda pang'ono. Magitala ambiri a besi amene ali m'masitolo lero amatsanzira awiriwa. Kwathu kuno mawu a besi si achilendo: amisiri akhala akupanga babatoni, besi yaikulu ya nsambo imodzi, ndipo gulu la Alleluya Band, limene lidayamba ku parishi ya Balaka mu 1978, lidathandiza kuzolowetsa akhristu kumva zida zamagetsi m'nyimbo zauzimu.

Eklezia saletsa chidachi, koma adaika malire. Chikalata cha Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa Vatican chonena za chipembedzo, Sacrosanctum Concilium cha mu 1963, pa ndime 120 chimalemekeza limba la mapaipi, nkulolanso zida zina ngati Aepiskopi a deralo avomereza, malinga zikhale zoyenera nyumba ya Mulungu ndi zolimbikitsa akhristu. Malangizo a Musicam Sacram a mu 1967 amawonjeza kuti zida zisaphimbe mawu a oimba, ndiponso kuti zikhale chete pamene wansembe akunena mokweza mapemphero ake.

Pogula, komiti ya kwaya isatengeke ndi utoto wonyezimira kapena dzina lolembedwa kumutu kwa gitala, pakuti maina otchuka amabedwa ndi kumatidwa pa zida zachabe. Choyamba kuyang'ana ndi khosi. Ikani diso kumutu, muyang'ane kulunjika kuthupi la gitala monga mmisiri ayang'anira thabwa. Khosi labwino limakhala lowongoka, kapena lokhota pang'ono chabe. Kukhota kotere kumakonzeka ndi chitsulo chamkati chotchedwa truss rod, koma khosi lopotoka ngati chingwe silichira, ngakhale mtengo wake utsike bwanji. Kenaka dinani nsambo iliyonse pa fureti iliyonse, kuyambira kumutu mpaka kumapeto, mukumvetsera ngati penapake pakulira ngati njuchi. Mawu a pa fureti ya 12 ayenera kufanana ndi a nsambo yosadina, kungoti okwera. Akasemphana pang'ono, mmisiri angathe kukonza pomangirira nsambo. Akasemphana kwambiri, besiyo idzalimbana ndi limba Lamulungu lililonse.

Utali wa nsambo nthawi zambiri ndi mainchesi 34, pafupifupi masentimita 86. Ilipo ya mainchesi 30 imene imayenera achinyamata a manja aang'ono. Pali besi ina yofuna batire ya mavolti 9 mkati mwake, ndi ina yosafuna. Kwa parishi, yosafuna batire ndiyo yanzeru: batire ikatha mkati mwa nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu, palibe angathamangire kugolosale. Ya nsambo zinayi ndi yokwanira pa nyimbo zathu zonse za pa Misa.

Theka la ubwino wa besi lili mu amplifaya. Ya gitala wamba siiyenera, chifukwa mawu a nsambo ya E amanjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo kasipika kakang'ono kangathe kung'ambika. Funani amplifaya yopangidwira besi, ya sipika ya mainchesi 12 kapena 15. Ngati ndi mphatso yochokera kwa abale a ku America, onani kaye cholembedwa kumbuyo kwake, pakuti kumeneko magetsi ndi a mavolti 120 pamene athu ndi a 230.

Woimba besi amakoka nsambo ndi chala cholozera ndi chapakati mosinthanitsa, chala chachikulu chitatsamira pa pickup, kachipangizo kotola mawu pansi pa nsambo. Dzanja lina limadina pafupi ndi fureti, kumbuyo kwake, osati pamwamba pake. Luso limene ambiri amalichedwera ndilo kuletsa nsambo zosafunika kuti zisamalire zokha. M'tchalitchi cha makoma a njerwa ndi denga la malata, phokoso lotere limachuluka mpaka mawu a nyimbo osamvekanso. Wophunzira ayambe ndi liwu loyambira la kodi iliyonse, aligwetse pamodzi ndi ng'oma yaikulu. Zokometsera zibwere pambuyo, ndipo zikhale zochepa. Anyamata ena aluso amafuna kuonetsa zala zawo pa nyimbo iliyonse, koma mayi wokhala pabenchi lakumbuyo akalephera kumva mawu a Salimo, ndiye kuti besi yakwera mopitirira. Nkwabwino kuti katekisiti kapena mkulu wa kwaya aime kukhomo pa nthawi yokonzekera nyimbo, auze woimbayo potsitsa.

Nyengo za Eklezia nazo zili ndi malamulo ake. Malangizo a Buku la Misa, pa ndime 313, amati mu Adiventi zida ziimbidwe modziletsa, ndipo mu Lenti zingochirikiza oimba, kupatula Lamulungu lachinayi la Lenti ndi masiku a zikondwerero. Chimodzimodzinso kuyambira pambuyo pa Ulemu kwa Mulungu wa Lachinayi Loyera mpaka Ulemu kwa Mulungu wa usiku wa Pasaka.

Misa ikatha, pukutani nsambo ndi kansalu kouma, chifukwa thukuta limazichititsa dzimbiri, ndipo nsambo za besi nzodula kuposa za gitala wamba. Gitalayo isungidwe m'chikwama chake m'chipinda chovalira ansembe kapena ku ofesi ya parishi, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja.